Citsulo Cimene Cinalimba Cokha

Aphunzitsi ndi ana a sukulu, tisanayambe nkhani yathu ya lero ndifuna kuti mukhale ndi kanthu m'manja. Pezani cidutswa ca waya wa mkuwa, wonga uja atsala pamene amisiri a magetsi atsiriza nchito yao pa nyumba. Cikhale conenepa ngati kamtengo ka macesi. Cipindeni pakati, ndipo muciwongole. Cipindeninso pa malo omwewo, muciwongolenso. Kodi mwaona ciani? Poyamba mkuwa unali wofewa, womvera zala zanu, koma pofika kacitatu kapena kacinai malo amene mwakhala mukupinda aja auma, ndipo cidutswaco cifuna kupindikira pena. Mukaumiriza cidzathyoka. Simunathiremo kanthu, simunacotsemonso kanthu. Mkuwa ndi womwe uja. Nanga casintha nciani?

Makolo athu anali kulidziwa bwino khalidwe limeneli la mkuwa. M'caka ca 1960, anchito amene anali kukumba maziko a tanki la madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene mtsinje wa Lusitu uthira mu Zambezi, anapeza manda a anthu olemera amene anakhalako zaka zoposa 400 zapitazo. Pamodzi ndi mikanda ya golidi ndi mitanda ya mkuwa, m'mandamo munali mitolo ya waya ndi zipangizo zokokera wayayo: mbaniro, nyundo ndi tizitsulo ta zibowo. Mmisiri anali kulowetsa nsonga ya mkuwa pa cibowo, naikoka ndi mbaniro kuti mkuwawo utuluke woonda ndi wautali. Nchito yotere singatheke ngati munthu sadziwa kuti mkuwa ukakokedwa kangapo uuma, ndi kuti ukabwezedwa pa moto kufikira utafiira ufewanso monga kale.

Cimene cicitika m'kati mwa citsulo pa nthawi imeneyi amisiri aja sanathe kuciona. Ngakhale akatswiri a ku Ulaya, amene anali ndi magalasi okuza zinthu, sanacione kufikira zaka za m'ma 1900. Lero ndikusimbirani mmene cinaonekera. Nkhaniyi iyamba ndi cidutswa cina ca citsulo cimene cinacita zodabwitsa kuposa waya wanuyo, pakuti ico cinalimba cokha, popanda wocipinda kapena wocimenya ndi nyundo.

Tiyeni tsono tipite ku Germany, ku Neubabelsberg, pafupi ndi mzinda wa Berlin. Kumeneko kunali nyumba yofufuziramo za zida za nkhondo, ndipo mmodzi wa akatswiri ake anali Alfred Wilm, wobadwa m'caka ca 1869. Nchito imene anapatsidwa inali ya kupeza citsulo copepuka cimene cikanalowa m'malo mwa mkuwa wacikasu popanga makoko a zipolopolo, aja muikidwa wonga. Maso ake anali pa aluminiyamu, citsulo cotuwa cija ca mapoto a kwanu. Aluminiyamu apepuka kwambiri: alemera gawo limodzi cabe mwa magawo atatu a kulemera kwa citsulo ca makasu ca msinkhu wofanana naye. Bvuto lake nlakuti ndi wofewa. Mudziwa nonse mmene poto apindikira akangogwa pa mwala.

Wilm anadziwa cimene osula onse adziwa, kuti citsulo ca mipeni ndi nkhwangwa cikatenthedwa kufikira kufiira ndi kubviikidwa msanga m'madzi ozizira, cilimba pomwepo. Anayembekeza kuti aluminiyamu wosanganiza ndi mkuwa pang'ono adzacita cimodzimodzi. Anayesa kwa zaka zingapo, koma zidutswa zake zinali kutuluka m'madzi ziri zofewa.

Tsiku lina Loweruka, m'caka ca 1906, iye anatenthetsa cidutswa ca aluminiyamu cimene cinali ndi mkuwa magawo pafupifupi 4 pa magawo 100 alionse, ndi kacitsulo kena pang'ono kochedwa magineziyamu. Cidutswaco citatentha madigiri oposa 500, anacibviika m'madzi. Kulimba kwa citsulo kuyesedwa mwa kukanikiza kampira kolimba pamwamba pake ndi kuyesa kukula kwa kadzenje kamene katsalapo. Kadzenje kakacepa, ndiye kuti citsuloco ncolimba. Amasimba kuti nthawi yoweruka inali itakwana ndipo wothandiza wake anali kufulumira kupita kwao, cotero anayesa kamodzi cabe, nalemba nambala m'buku, nacoka. Cidutswaco cinagona pa thebulo Sondo yonse. Lolemba atayesanso, kadzenje kanali kakang'ono kwambiri kuposa ka Loweruka.

Munthu wina akadati makina oyesera alakwa, naiwala. Apa mpamene ine ndimtamanda Wilm. Iye anabwereza nchito yonse, nayesa tsiku ndi tsiku, ndipo anapeza kuti citsuloco cinali kulimbirabe kwa masiku ngati anai cisanaime. Anacipala bwino-bwino naciika pansi pa maikulosikopu, kuti aone cimene casintha. Sanaone kanthu. Cidutswa cofewa ndi cidutswa colimba zinali kuoneka cimodzimodzi.

Osula ndi amalonda sanadikire yankho. Fakitale ya mu mzinda wa Düren inagula ufulu wopanga citsulo catsopanoci, nicipatsa dzina lakuti Duralumin. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse ico cinakhala mafupa a zombo zazikulu za m'mlengalenga zochedwa Zeppelin. M'caka ca 1919 kunauluka ndeke ya Junkers F 13, yonyamula apaulendo anai, imene thupi lake ndi mapiko ake zinakutidwa ndi Duralumin wa mizere-mizere wonga malata a pa denga. Taganizani: anthu anali kukwera kumwamba atadalira citsulo cimene palibe ndi mmodzi yemwe anadziwa cifukwa cake cinali colimba. Ndipo ngati sudziwa cimene calimbitsa cinthu, sungadziwenso cimene cingacifoole. Wilm mwini wake anasiya nchito ya zitsulo nkhondo itatha, nakakhala mlimi.

Kodi maikulosikopu analephera cifukwa ninji? Zinthu zonse zinapangidwa ndi tizidutswa tating'ono kwambiri tochedwa maatomu. Kuwala kumene tionera zinthu kuyenda ngati mafunde, ndipo funde limodzi la kuwala kumeneku litalika ngati maatomu 2,000 ondandikana. Kufuna kuona atomu ndi mafunde akulu cotero kuli ngati kusefa ufa ndi ukonde wa nsomba. Panafunika kuwala kwa mtundu wina, kwa mafunde afupi ngati atomu mwini wake.

Kuwala kumeneko kunali kutapezeka kale, koma anthu anali asanadziwe kuti kungagwire nchito imeneyi. Pa 8 Novembala 1895, Wilhelm Röntgen wa mu mzinda wa Würzburg anapeza ceza cosaoneka ndi maso cimene cinali kupyola mapepala, matabwa ndi mnofu. Posadziwa kuti cinali ciani, anacicha X, cilembo cija muika m'masamu pa nambala imene simuidziwa. Patapita masabata angapo anajambula dzanja la mkazi wake, ndipo pa cithunzipo panaoneka mafupa ndi mphete. Madokotala anacilandira ceza cimeneci mwamsanga, ndipo ndi comweco cimene muti X-ray ku cipatala.

Kwa zaka 17 akatswiri anali kutsutsana ngati ceza ca X-ray ciri mafunde kapena ai. Panalinso funso lina, lonena za makrustalo. Krustalo ndi cinthu colimba ca mbali zosalala ndi ngondya zolongosoka, monga njere ya mcere kapena ya shuga mukaiyang'anitsitsa. Ambiri anakhulupirira kuti mbali zimenezi zisalala cifukwa maatomu a m'kati anandandikana m'mizere yoongoka, koma panalibe umboni. M'caka ca 1912, Max von Laue wa ku Munich anaganiza zoika mafunso awiriwa pamodzi.

Maganizo ake anali otere. Mukaponya miyala iwiri m'dziwe pa nthawi imodzi, mafunde a mwala uwu akomana ndi mafunde a mwala uwo. Pamene msana wa funde ukomana ndi msana unzake madzi akwera kwambiri; pamene msana ukomana ndi cigwa, madzi akhala bata. Tsono ngati ceza ca X-ray ciri mafunde, atomu aliyense amene cimuomba adzakhala ngati mwala woponyedwa m'dziwe. Ndipo ngati maatomuwo ali m'mizere yolongosoka, misana ya mafunde idzakomana pa malo owerengeka okha, nidzasiya madontho pa galasi lojambulira loikidwa kumbuyo kwa krustalo. Anyamata awiri, Walter Friedrich ndi Paul Knipping, ndiwo anamanga makina nayesa. Krustalo woyamba amene anaika pa njira ya cezaco anali wa mcere wabuluu wa mkuwa wochedwa copper sulphate, womwe uja upatsa mtundu madzi a m'matanki oyeretseramo mkuwa ku migodi yathu. Atatsuka galasi anapeza madontho. Laue analandira mphotho ya Nobel ya 1914, ndipo nkoyenera kuchula kuti anagawirako anyamata awiri aja ndalama za mphothoyo.

Aphunzitsi, zimenezi mukhoza kuzionetsa popanda makina. Uzani ana kuti usiku ayang'ane nyale yaing'ono yowala imene iri patali, ataika pa diso nsalu yopyapyala yolukidwa mothinana, monga ya ambulera kapena ya mpango. Nyale imodzi ija idzaoneka ngati timadontho tambiri tondandikana mopingasana. Akakoka nsaluyo pa ngondya kuti ulusi upotoke, timadonthoto tidzasuntha. Nsalu yaima m'malo mwa krustalo, ndipo ulusi waima m'malo mwa mizere ya maatomu. Muwacenjeze kuti asayese ndi dzuwa.

Madontho a Laue anafuna munthu wowawerenga, ndipo munthuyo anapezeka ku England m'caka comweco. Anali Lawrence Bragg, mnyamata wa zaka 22 wophunzira ku Cambridge. Iye anati miyalo ya maatomu tiiyese ngati magalasi oonera nkhope osanjikizana. Ceza cina cibwerera pa muyalo woyamba, cina pa waciwiri, cina pa wacitatu. Cocokera pansi ciyenda ulendo wautali pang'ono kuposa ca pamwamba. Ngati kusiyana kwa maulendowo kulingana ndi funde limodzi lathunthu, kapena awiri, kapena atatu, misana yonse ikomana ndipo dontho lioneka. Cotero munthu akayesa pamene dontho lagwera, akhoza kuwerengera mpata umene uli pakati pa miyalo ya maatomu. Atate wake, William Bragg, amene anali kuphunzitsa ku Leeds, anapanga makina oyesera zimenezi. Mu 1913 anapeza mmene maatomu akhalira mu mcere wa pa ndiwo, ndipo mu 1915 atate ndi mwana analandira pamodzi mphotho ya Nobel. Lawrence anali ndi zaka 25, ndipo kufikira lero palibe wamng'ono kuposa iye amene anailandira pa nchito ya sayansi.

Mu 1914 Lawrence Bragg anayesa krustalo wa mkuwa. Mwina mudabwa kumva kuti zitsulo nazonso ndi makrustalo. Yang'anani ndowa yatsopano kapena lata latsopano: mawanga aja onga masamba a mtengo ndi makrustalo a zinki. M'zitsulo zina makrustalo ndi ang'ono-ang'ono, ambiri-mbiri, omamatirana ngati njere. Bragg anapeza kuti m'kati mwa krustalo wa mkuwa maatomu asanjikizana monga mmene amai a pa msika asanjikira malalanje, lalanje lirilonse litakhala pa mpata wa atatu a pansi pake. Kuti mudzaze milimita imodzi ya pa rula yanu mufuna maatomu a mkuwa pafupifupi 4,000,000 ondandikana. Posacedwa kunadziwika kuti aluminiyamu naye asanjika maatomu ake cimodzimodzi, koma atomu wa mkuwa acepa kuposa wa aluminiyamu ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Sungani mfundo imeneyi, tidzaifuna.

Tibwerere tsopano kwa Duralumin. Mu 1919 akatswiri atatu a ku Bureau of Standards mu mzinda wa Washington, maina ao Merica, Waltenberg ndi Scott, anapereka ganizo limene mwana aliyense womwa tiyi angalimvetse. Tiyi wotentha asungunula shuga wambiri kuposa tiyi wozizira. Momwemonso aluminiyamu wotentha madigiri oposa 500, ngakhale iye mwini sanasungunuke, alola maatomu a mkuwa magawo 4 pa 100 kubalalika pakati pa maatomu ake. Akazizira salola ngakhale theka la gawo limodzi. Mukamziziritsa pang'ono-pang'ono, mkuwa wotsalawo upeza nthawi yosonkhana m'mabulumwa akulu amene aoneka pa maikulosikopu, ndipo citsulo cikhala cofewa. Koma mukambviika msanga m'madzi, maatomu a mkuwa agwidwa pomwe ali. Pambuyo pake ayamba kukwawa mocedwa kufuna anzao. Atatuwo anati m'masiku anai aja mkuwa upanga tinjere tating'ono kwambiri tosaoneka pa maikulosikopu, ndipo tinjereto ndito tilimbitsa citsulo.

Ganizoli linathandiza kwambiri, pakuti linaphunzitsa amisiri kufuna zitsulo zina zimene zingalimbe mwa njira yomweyo, ndipo anazipeza. Koma pamene ena analiyesa ndi X-ray, zinthu sizinayende monga anayembekezera. Ngati tinjere tatsopano tinalimodi, tikanasiya madontho aketo pa filimu; madonthowo sanaoneke. Ngati mkuwa unali kutuluka m'mizere ya aluminiyamu, mipata ya miyalo ikanasintha ndipo madontho akale akanasuntha, sanasunthe. Ndiponso magetsi, amene anayenera kuyenda mosabvuta m'citsulo cimene mkuwa wapatukamo, anali kuyenda mobvutikirapo. Kwa zaka pafupifupi 20 panali mkangano, ndipo pa zaka zomwezo ndeke za Duralumin zinali kuculuka.

Yankho linadza mu 1938 kucokera kwa anthu awiri amene anagwira nchito payekha-payekha. Mmodzi anali George Preston wa ku National Physical Laboratory, ku Teddington pafupi ndi London. Wina anali André Guinier wa ku Paris, mnyamata wosakwana zaka 30. Onse awiri anagwiritsa nchito makrustalo akulu a aluminiyamu wokhala ndi mkuwa pang'ono, m'malo mwa cidutswa ca njere zing'ono-zing'ono zambiri. Guinier anali atadzipangira kamera yake imene inali kuyamba yasefa ceza ca X-ray pa kamwala kopindika, kuti kwa krustalo kufike mafunde a utali umodzi wokha ndipo filimu isade ndi mbuu wacabe. Pa filimu yoyera cotero munthu akanatha kuona zinthu zofooka zimene kale zinali kubisika.

Ena onse anali kuyang'ana madontho akulu, pakuti ndiwo Bragg anaphunzitsa kuwerenga. Awiriwa anayang'ana pakati pa madontho. Pamenepo anaona timizere tofooka tocokera ku madontho, tonga micira. Pa citsulo congotuluka m'madzi timizereto panalibe, koma tinali kuonekera pamene citsulo cinali kulimba. Munthu wofulumira akadati filimu yada, kapena krustalo anagwedezeka pojambula.

Kodi mzere utanthauza ciani pamene dontho litanthauza miyalo yolongosoka? Nali yesero lina la usiku. Gwirani mapensulo awiri mowagundanitsa, musiye kampata koonda ngati tsitsi, ndipo muyang'ane nyale yakutali ija kupyola pa kampatako. Kuwala kudzatambasuka mopingasa kampatako ngati mzere, ndipo mukacepetsa kampatako mzerewo udzatalikirapo. Ndilo lamulo la mafunde: cinthu cikapyapyala kumbali imodzi, cimwaza mafunde motalika kumbali yomweyo. Preston ndi Guinier anawerenga timizere tao mwa lamulo limeneli. Anati m'kati mwa krustalo muli tinthu taphanthi-phanthi tonga ndalama zacitsulo, topyapyala kwambiri. Maatomu a mkuwa asonkhana pa muyalo umodzi, m'timagulu tokhala ndi maatomu makumi angapo m'mimba mwake, koma tocindikala atomu mmodzi kapena awiri cabe. Sanatuluke m'mizere ya aluminiyamu ai. Akhala pa malo omwe maatomu a aluminiyamu akanakhala. Ncifukwa cake madontho atsopano sanaoneke. Makalata a anthu awiriwa anasindikizidwa pa masamba oyandikana a magazini yochedwa Nature mu Seputembala 1938, ndipo timagulu timeneti lero tichedwa Guinier-Preston zones. Wilm sanamve yankholi. Anamwalira mu 1937.

Tsopano kumbukirani kuti atomu wa mkuwa ndi wocepa. Bwererani kwa amai a malalanje aja, ndipo muganize kuti pakati pa mulu, pa muyalo umodzi, aikapo mandimu angapo oyandikana m'malo mwa malalanje. Malalanje a pamwamba pa mandimuwo adzatsikira pang'ono, ndipo a pamwamba pao naonso adzapendekeka. Mulu sunagwe, koma mizere yake yapotoka kuzungulira malowo. Mu Duralumin malo opotoka otere ndi osawerengeka, ndipo ali ponse-ponse m'krustalo aliyense.

Koma kupotoka kungalimbitse bwanji cinthu? Mwana wanzeru anganene kuti khoma la njerwa zokhota ligwa msanga kuposa loongoka, ndipo sanalakwe pa za khoma. Zitsulo zipindika mwa njira ina. Akatswiri anali atawerengera mphamvu yofunika kuti muyalo wathunthu wa maatomu utsetsereke pamwamba pa unzake nthawi imodzi, napeza kuti iposa nthawi mazana ambiri mphamvu imene ipinda zitsulo zeni-zeni. Mu 1934 anthu atatu, Geoffrey Taylor, Egon Orowan ndi Michael Polanyi, yense payekha, anafotokoza cifukwa cake. Muyalo suyenda wonse pamodzi. Uyenda monga mbozi pa tsamba: iyo itukula kanundu kumbuyo, kanunduko kayenda kufikira kumutu, ndipo mbozi yonse yasendera patsogolo ngakhale sinanyamule thupi lonse nthawi imodzi. M'krustalo namonso muli makwinya otere, amene akatswiri awacha dislocations. Mukapinda citsulo, ndi makwinyawo amene ayenda.

Khwinya liyenda mosabvuta pamene mizere iri yoongoka, ndico cifukwa aluminiyamu wosasanganiza ndi wofewa. Likafika pa malo opotoka likodwa, ndipo pafunika mphamvu yoposa kuti lipyole. Nevill Mott ndi Frank Nabarro a ku Bristol ndiwo anaika zimenezi m'masamu mu 1940. Cotero Loweruka lija la 1906 maatomu a mkuwa anali obalalika, aliyense payekha, ndipo makwinya anali kuwapitirira. Pofika Lolemba anali atasonkhana m'timagulu, njira zitatsekeka. Makwinyawo anaonedwa akuyenda mu 1956 ku Cambridge, pa maikulosikopu a mtundu watsopano ogwiritsa nchito maelekitironi m'malo mwa kuwala. Makina a mtundu womwewo anaonetsanso timagulu ta mkuwa tija, tiri monga momwe Guinier ndi Preston anatiwerengera pa timizere.

Tengani tsono waya wanu uja. Mu iye mulibe atomu wacilendo, koma pamene munali kumpinda makwinya anali kubadwa ambiri-mbiri, nayamba kupingana ndi kukolana okha-okha kufikira atalephera kuyenda. X-ray ionetsanso zimenezi. Mu 1916 ndi 1917 Peter Debye ndi Paul Scherrer ku Germany, ndi Albert Hull ku America, anapeza njira yojambulira ufa wa citsulo kapena waya, imene ipereka mizere yopyapyala m'malo mwa madontho. Citsulo cikakhala cofewa mizereyo ioneka yakuthwa. Cikamenyedwa kapena kukokedwa ifufuma, cifukwa mipata ya miyalo sikhalanso yofanana, ina yapanikizika, ina yatanuka. Mu 1950 Bertram Warren ndi Benjamin Averbach a ku Massachusetts Institute of Technology anapala mkuwa wacikasu ndi tupa, najambula ufa wake, ndipo anaonetsa mmene munthu angawerengere kukula kwa kupotokako pa kufufuma kwa mizere. Ufawo ukatenthedwa mizere ibwerera kukhala yakuthwa, pakuti moto upatsa maatomu mpata wodzindandika mwatsopano. Ndico cimene mmisiri wa ku Ingombe Ilede anali kucita pobweza mkuwa pa makala. Aphunzitsi, ngati muli ndi mbaula ndi mbaniro, tenthetsani waya wouma uja kufikira atafiira, mudikire azizire, ndipo mupatse ana ampindenso.

Omanga ndeke anapindula ndi cidziwitso cimeneci m'njira zooneka. Anadziwa kuti kutenthetsa citsulo pang'ono kufulumiza maatomu a mkuwa, koma kukapitirira muyeso timagulu tija tikula, nitisanduka njere zazikulu zotalikirana zimene makwinya azilambalala, ndipo citsulo cifookanso. Anadziwanso kuti kuzizira kuwacedwetsa. Misomali ina yolumikizira malata a ndeke, imene amisiri aicha maliveti, ikangobviikidwa m'madzi isungidwa mu firiji kuti ikhale yofewa. Mmisiri aitulutsa pa nthawi yoikhoma, naphwanya mitu yake isanaume, ndipo iyo ilimba yokha iri kale pa phiko.

Patsala kanthu kamodzi kamene kanadziwika mocedwa. Pa 17 Disembala 1903, abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, anaulutsa ndeke yao yoyamba ya injini ku Kitty Hawk, mu America. Pofuna kuti injini ipepuke, thupi lake analiumbitsa ndi aluminiyamu wosanganiza ndi mkuwa magawo 8 pa 100. Tsiku lomwelo, itauluka kanai, ndekeyo inagubuduzidwa ndi mphepo ndipo thupi la injini linasweka. Zidutswa zake zinasungidwa. Mu 1994 Frank Gayle ndi Martha Goodway anafalitsa zimene anapeza ataika kacidutswa kake pa maikulosikopu a maelekitironi. Munali timagulu ta mkuwa tomwe tija. Tina tinapangika pamene citsuloco cinali kuzizira m'cikombole, zaka 3 Wilm asanabviike cidutswa cake m'madzi, ndi zaka 35 Guinier ndi Preston asanaone timizere pa filimu.